Chubu pa Chifuwa cha Bambo

Kutunga madzi, kuchapa matewera, kuyamwitsa khanda, kukataya chitini cha mkodzo, kudzutsa bambo ake ndi kuwamwetsa mapiritsi, kenako kuthamangira kunyumba ya adona kukachapa zovala za eni. Umu ndi mmene tsiku la mayi wina linkayendera chigwereni bambo akewo m'bafa. Anaterereka pa kachidutswa ka sopo n'kugwera chammbali pa ndowa yachitsulo. Nthiti ziwiri zinathyoka.

Kuchipatala anesi anamuuza mosapita m'mbali.

"Nthiti sitiika pulasitala, zimalumikizana zokha. Mapiritsi awa azimwa pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe. Azipuma mpweya wodzadza chifuwa, azitsokomola atakumbatira pilo. Koma chifuwacho musachimange, mwamva? Akaleka kutsokomola, makhololo adzaunjikana m'mapapo. Mapiritsiwa akapanda kugwira mubwere nawo bambowa, mankhwala amphamvu alipo."

Mapiritsiwo sanagwire kwenikweni. Nkhalamba ikati itsokomole, inkagwira khoma n'kukuwa ngati mwana. Khanda linkadzidzimuka n'kuyamba lake. A nyumba yoyandikana ankagogoda khoma. Mayiyo ankadziwa kuti afunika kubwerera kuchipatala, koma kumeneko mzere wake ndi wa tsiku lathunthu, ndipo adona anali atanena kale kuti ofuna ntchito yochapa ndi ambiri pageti.

Tsiku lina masana kunabwera achimwene ake, okonza njinga kumsika, chubu chakale chili pakhosi.

"Madala, mukulira chonchi mwana wanu wamwamuna alipo?" anatero akulowa. "Chaka chija ndinagundidwa ndi ngolo, ndinadzimanga ndi chomwechi. Mawa lake ndinali pantchito."

"Achimwene, anesi anakaniza kumanga."

"Anesi akowo anathyokapo nthiti? Iwe chako n'kuchapa, za zothyoka tisiyire ife. Sipoko ikagwedera timaimanga."

"Bambo si njinga."

"Eya, njinga ndiye imamva msanga."

Nkhalamba inafuna kuseka, koma kusekako kunathera m'kubuula. Inakodola mwana wake wamkazi ndi chala.

"Mwanawe, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nthitizi n'zanga, si za anesi. Musiye amange."

Achimwene anang'amba chubu chija m'litali, anayala kansalu pachifuwa, n'kukulunga mphira katatu, kukoka mpaka mitsempha ya m'manja kutuluka. Bambo anatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Nkhope inamasuka. Asanamalize n'kuthokoza komwe, tulo tinawatenga.

"Waona?" anatero achimwene akupukuta manja. "Ulere umenewu. Ukawauze anesi ako abwere adzaphunzire."

Kuyambira pamenepo m'nyumba munali zii. Bambo sankakuwanso, sankatsokomolanso. Ankangogona chagada, kupuma timpweya tating'ono tapamwamba. Mapiritsi anayamba kuwakana, amvekere, "Ndimwerenji, poti sizikupweteka?" Khanda linkagona. Mayiyo nayenso anagona tulo tenitweni koyamba chichitikireni ngoziyo, ndipo kuntchito anasiya kuodzera pa beseni.

"Koma ndiye agogo achira, eti?" anafunsa mayi woyandikana naye pampopi. "Masiku ano sitikuwamvanso."

"Akupezako bwino," anayankha.

Mawu a anesi sanawaiwale. M'mawa uliwonse akamawapukuta kumaso ankayang'ana mphirayo n'kunena mumtima kuti, ndimasula madzulo. Madzulo akafika, miyendo ili lendelende, khanda lili kubere, ankati ndimasula mawa. Wogona bwino umamudzutsiranji?

Tsiku limene anabwerako n'kupeza chakudya chili chivundikirire, anadziwa asanawakhudze n'komwe. Thupi linali moto. Milomo inali itatuwa. Ankapuma mothamanga ngati nkhuku yopirikitsidwa, m'chifuwa mukumveka kulira kwa madzi.

"Bambo! Bambo, mukundimva?"

Anamuyang'ana n'kumutchula dzina la malemu mayi ake.

Anatsitsa khanda pamphasa, n'kutenga mpeni wosendera mbatata. Mphira inaduka ndi phokoso, n'kusiya mizere yakuda itazungulira chifuwa. Anawadzutsa, anawakumbatiritsa pilo monga anauzidwira, n'kuwagwira kumsana.

"Tsokomolani, Bambo. Chonde tsokomolani."

Anayesa. Mphamvu panalibe.

Achimwene anabwera akuthamanga atatumiziridwa uthenga, ndipo ndi iwo amene anawabereka kumsana mpaka pamsewu. Anakwera galimoto kupita kuchipatala.

Anesi anali omwe aja. Atavula malaya a nkhalamba, anayang'ana mizere ija nthawi yaitali.

"Wamanga ndani?"

Achimwene anayang'ana pansi. Mayiyo anakonza nsalu ya khanda kumsana.

"Ankalira kwambiri," anatero mayiyo.

"N'chifukwa chake ndinati mubwere." Anesiwo sanakalipe, mawu awo anali otopa chabe. "Ndi chibayo, mapapo onse awiri. Tiyesetsa."

Anawaika mpweya wa m'botolo, anawabaya mankhwala a chibayo ndi jakisoni woletsa ululu. Jakisoniyo anagwira bwino. Mayiyo anaona bambo ake akutsokomola osakuwa, ndipo anatuluka panja kukaima kuseri kwa khoma, chifukwa jakisoni ameneyo analipo kuyambira kale, mzere wa tsiku limodzi basi.

Anawadikirira m'wodi mpaka tsiku limene anesi anakoka katani.

Zimene zinapita ndi izi. Ntchito kwa adona inapita. Anapeza mtsikana wina akuyanika zovala pa chingwe chake. Mkaka wa m'mawere unauma, poti makanda salowa m'wodi ya achibayo, ndipo khandalo linazolowera kapu kwa mayi woyandikana naye. Achimwene anagulitsa zitsulo zawo zonse kuti agule bokosi, ndipo chiikireni maliro sanapondenso pakhomopo. Akakumana kumsika amapatsana moni ngati anthu ongodziwana. Mapiritsi otsala ali pawindo, palibe wowamwa. A nyumba yoyandikana sagogodanso khoma.

M'nyumbamo muli zii, ndipo mayiyo sagona.