Nkhoswe Yobwereka

Ine ndine José Carlos, wojambula zithunzi ku Moatize. Malasha atayamba kulira ndinajambula nkhope zosawerengeka za anthu ofuna ntchito kumgodi, onse ataumitsa khosi ngati awaitanira kumlandu. Maukwati nawonso ndajambula ambiri, koma umodzi wokha ndi umene unandikweretsa shapa, minibasi yathu ija, mpaka ku Zóbuè, mtima uli m'mwamba.

Unali ukwati wa Márcia ndi Gizela, akazi okhaokha. Márcia amayendetsa chigalimoto cha malasha, Gizela amasoka zovala kumsika. Sunali wa kuboma kapena wa kutchalitchi. Anangomanga tenti kuseri kwa nyumba, n'kuitana anzawo, n'kulonjezana pamaso pa anthu. Amene akufuna kumva zodabwitsa andikhululukire. Ine ndinaona mpunga wosakwana, keke yopendekeka ndi jenereta wozimazima, monga zimakhalira pa ukwati uliwonse.

Zithunzi zitatuluka, Márcia anandigwira mkono. Atsibweni ake, a Ambrósio, mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo ku Zóbuè, anali atalamula kuti asadzapondenso pakhomo pa mayi ake. Mkazi woyendetsa chigalimoto chachikulu ngati nyumba uja anandilankhula misozi ili m'maso.

"Mukawapatse amayi m'manja mwawo. Mwina akaona, akandilankhulira kwa atsibweni. Ndawasowa, a José."

Zóbuè ndi pamalire, ndipo nkhani kumeneko imawoloka popanda chiphaso. Ndinkati ndikapeza amayi Elvira, mayi ake a Márcia, ali okha. Ndinapeza pakhonde podzaza: amayi Elvira ali pakona mutu pansi, amayi a kumpingo atandandalika miyendo pamphasa mipango yoyera ili kumutu, ndipo a Ambrósio ali pampando, Baibulo pabondo.

"Ife tabwera kudzapempherera nyumba ino," anatero amayi Cacilda, mtsogoleri wawo, uku akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo. Pemphero lofuna magalasi oyera chotero ine ndinali ndisanalionepo.

"Zonyansazo ine sindiona," anatero a Ambrósio, n'kutembenuzira mpando kuphiri.

Ndinapereka envulopu kwa mwini wake, koma sinakhalitse m'manja mwawo. Amayi Cacilda anasolola chithunzi choyamba ndi zala ziwiri, atachitalikitsa ngati nunkhadala. Anachiyang'ana, anachitembenuza, anayang'ananso kumbuyo kwake.

"Wavala buluku ndi uti?"

"Palibe, amayi. Onse anavala madiresi."

"Ndiye mwamuna ndi uti?"

"Palibe mwamuna. Nkhani yake ndi imeneyo."

Ndinaona kuti akhumudwa. Anali atamva kuti kumaukwati oterowo anthu amavina ali buno bwamuswe, mowa uli m'migolo, nyali zofiira zili ng'aning'ani. Anatsegula china, anapeza agogo ena akuwodzera pa mpando wapulasitiki. China, ana akulimbirana fupa la nkhuku. China, anthu onse atawerama, maso ali chitsinzire.

"Apa akutani?"

"Akupempherera chakudya. Anapemphera mpaka mpunga unazizira."

"Kupemphera kwa ndani?"

"Kwa yemweyo, amayi."

Amayi Cacilda anaika chithunzicho pamphasa. Koma amayi a kumpingo sasowa ponena. Tchimo litasowa pazithunzi, anagwira zimene amazidziwa. Wina anati ziduswa za nkhuku n'zazing'ono mochititsa manyazi. Wina anati keke yoteroyo akanaphika iye sikanapendekeka. Wina anafunsa amene anasoka diresi ya Márcia, ndipo atamva kuti ndi Gizela yemweyo, anayandikitsa chithunzi kumphuno kuti aone bwino msoko wa pakhosi. Ine ndinangopenyerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Ambrósio nkhope inali kuphiri, koma diso limodzi linali litatsalira pamphasa. Mwadzidzidzi anatambasula mkono.

"Tabweretsani icho. Chimunthu chakhala pafupi ndi mwana wa mlongo wangayu, chala m'mwamba, n'chindani?"

"Ndi a Ussene, mnzake wa kuntchito. Ndiwo anali ankhoswe a Márcia."

A Ambrósio anaimirira, Baibulo linatsala pang'ono kugwa.

"Nkhoswe? Ine ndinamwalira liti? Maliro anga munalira liti, anthu inu?"

"Munakana, abambo."

"Ndinakana ukwati, sindinakane unkhoswe! Ussene ameneyu mfunda wake ndani? Kwawo n'kuti?"

"Ndi a ku Angoche, kunyanja ya mchere uko."

"Tamvani! Munthu wobwera ndi malasha, wodzapita ndi malasha. Anawa akadzayambana, mlandu adzautula kwa ndani? Nanga anawalangiza zotani?"

Ndinakumbukira zimene ndinamva ndili kuseri kwa kamera. "Anati asamagone atakwiyitsana, ndipo azisinthana kutsuka mbale."

"Basi?"

"Kenako jenereta anazima."

A Ambrósio anagwira m'chiuno, n'kuzungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Za ulemu kwa apongozi, Ussene sananene. Za kuthamangira maliro a kuchibale, sananene. Za kulandira alendo, za kusunga chinsinsi cha m'nyumba, zonse zii. Mwana wa mbumba yawo analowa m'banja ndi malangizo a mbale.

Amayi Cacilda anakhosomola. "Koma abambo, si paja munatiuza kuti ukwati umenewu ndi tchimo?"

"Ndi tchimo, amayi! Koma ndi tchimo la mbumba yanga. Wakunja asalilowerere."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, ndipo potembenuka ndinaona amayi Elvira. Anali atagwira chithunzi chimodzi ndi manja awiri. Pamenepo Márcia anali atatsamira phewa la Gizela, akuseka mpaka mano a kumbuyo kuonekera. Misozi ya mayiyo inkatsikira m'khosi, iwo osaipukuta. Kuseka konse kunandithera, ndinamva chisoni.

"Achimwene, taonani," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu anasiya kuseka chonchi akadali kusukulu. Ndinkamupatsa mankhwala a mutu, ine osadziwa."

A Ambrósio analandira chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuposa mmene anayang'anira cha Ussene. Anakonza kukhosi, anaminira m'kampango ngakhale analibe chimfine, kenako anandiloza.

"Inu bambo wa foto, mukanene izi mmene ndikuneneramu. Ukwatiwu ine sindinauvomere, ndipo kumpingo ndikanena zomwezo. Koma chibale n'fupa, sichiwola. Abwere Loweruka ndidzawalangize bwinobwino, ndikonze zimene wawononga Ussene."

"Abwere Márcia yekha?" anafunsa amayi Elvira.

"Achemwali, munaona kuti banja lolangiza munthu mmodzi? Abwere onse awiri. Ussene yekhayo asayerekeze."

Amayi a kumpingo anayang'anizana. Wina anadzuma, wina anayamba kupinda mphasa mokwiya, ndipo uja wa msoko anandinong'oneza kuti ndikauze Gizela abwere ndi tepi yoyezera.

Amayi Elvira sanamve zonsezo. Anali ataimirira kale, akumanga kapulana m'chiuno, maso ali pa abakha amene ankayenda kuseri kwa khitchini. Anandikoka malaya ngati tadziwana kalekale.

"Mwananga, tandiuza msanga. Mpongozi wangayo nyama ya bakha amadya?"