Mamita Awiri a Bambo Aang'ono

1.
Dikirani, bambo. Netiweki.

Ndaziona waimika ndodo ya makina opimira malo pakati pa chinangwa cha a Mphadzula, bambo ake aang'ono. Mkuluyo akufuna kugulitsa malowa, wogula akufuna mapu, ndipo kampani yatumiza iyeyo, mwa anthu onse. Dzuwa likuwawotcha a Mphadzula pa dazi. Zikumukomera Ndaziona.

2.
Makinawa paokha ndi abodza. Amamvera masetilaiti, inde, koma amaphonya ndi mamita awiri osachita nazo manyazi. Chowawongola chimachokera pa siteshoni ina ku tauni: manambala oyenda pa intaneti, kulowa m'foni, sekondi iliyonse. Sendera kum'mawa. Bwerera pang'ono. Manambalawo akamafika, makina saphonya ngakhale ndi chala.

3.
Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo bambo ake a Ndaziona atangoikidwa m'manda a Mphadzula anabwera ndi chingwe cha khonje nachikoka kuchokera pa mwala wa malire mpaka pa mtengo wa mango nanena kuti nyumba ya mlamu wawo yalowa m'malo awo ndipo anthu anangoti kukamwa yasa pamene khoma la nyumbayo linkagwetsedwa amayi ake atagwada pa fumbi akuti alamu chonde alamu chonde alamu

4.
Zimene anachoka nazo:
mphasa
chitseko
mtondo wopanda munsi
chifuwa chimene chinadzawapha amayi ake.

5.
Wakula, mwana wanga, akutero a Mphadzula. Zakale zija tiiwale, magazi ndi amodzi.

Ndamva, bambo. Dikirani. Netiweki.

6.
Iwe Ndaziona, ankatero malemu amayi ake, ukadzaphunzira udzapime. Nyumba ija inali pathu. Udzapime, anthu aone.

7.
Pa galasi la makina kadontho kakuyendayenda ngati nkhuku yosowa poikira. Ndaziona akukatsata ndi ndodo yake, modekha, mpaka kadutsa mtengo wa mango, kadutsanso chitsime chimene mkuluyo anakumba chaka chatha, chimene wogula akufera. Akudina batani.

Malire anu athera apa, bambo.

Nanga chitsime changa?

Chili m'malo a amayi. Si ine, ndi makina.

A Mphadzula akhala pansi, pa mzere wa chinangwa, chipewa m'manja. Ndaziona sakumva chisoni ngakhale pang'ono.

8.
Dzulo.

Anabwera yekha, netiweki yodzaza, manambala akufika bwinobwino. Anaimika ndodo pa bwinja la amayi ake, mapu akale a agogo ali m'dzanja. Anapima katatu. Katatu konse makina anati nyumba ija inalowadi m'malo a bambo aang'ono, ndi phazi limodzi. Mkuluyo sananame.

Nyumba yonse, chifukwa cha phazi limodzi.

Lero m'mawa, asanatsike m'galimoto, Ndaziona anazimitsa intaneti m'foni, kuti manambala owongola aja asafike.