Apongozi Pachipata cha Ndege

Pofika ku bwalo la ndege, a Nangozo anali atatopa kale ngati alima ndime ziwiri. Kuchokera ku Biwi anakhala kumbuyo kwa pikapu, njinga yawo ya olumala itamangidwa ndi linya, fumbi la Okutobala likulowa ndi m'makutu momwe. Chaka chimenecho, 1996, chinali chachisanu chifere miyendo yawo, ndipo za maulendo anali atazileka kalekale. Koma mwana wawo Rachel, amene ankaphunzira unamwino ku Harare, anali gone m'chipatala, ndipo adokotala anaimba foni kuti mayi ake afulumire.

Wowaperekeza anali Ephraim, mwamuna wa Rachel. Apa ndiye panagona nkhani. A Nangozo ndi Angoni a ku Ntcheu, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zonse mkamwini wawoyu sanamuyang'anepo kumaso. Kudyera pamodzi ayi, za moni wa pamanja musatchule n'komwe. Ngakhale pokwera pikapu anachita kuwanyamula azimayi a kutchalitchi.

Pachipata chosechera anthu, njinga ija inaliza makina: pyee! pyee! Nanga akanaleka bwanji kulira, njinga yowotcherera ku Kawale, mapaipi a madzi okhaokha?

"Pepani amayi," anatero mtsikana wa yunifolomu. "Njingayi tiyiunike payokha. Inu mukhale kaye pabenchi apo."

"Ndifikapo bwanji, mwanawe? Ndiuluke?"

Mtsikanayo anayesa kuwadzutsa, koma mikono yake inali ngati bango. A Nangozo sanasunthe. Mnzake wamkazi wa mtsikanayo anali atapita kukadya, ndipo alonda aamuna anati iwo saloledwa kugwira azimayi.

"Achimwene, si mayi anu awa?" anafunsa mtsikana uja. "Tawanyamulani."

Ephraim anayang'ana nsapato zake. "Ndi apongozi anga."

"Iii!" Mtsikanayo anagwira pakamwa. Naye ankadziwa mwambo, koma njinga yosaunika sakanailola kudutsa.

Mzere kumbuyo unayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa sutu ankangoyang'ana wotchi n'kumatsonya. Kenako chimkuzamawu chinaitana komaliza opita ku Harare.

A Nangozo anatseka maso. Anatopa, abale. Anatopa kunyamulidwa ngati thumba la chimanga, anatopa kupepesa anthu chifukwa cha miyendo yomwe sanaiphe okha. Anachita manyazi mpaka thukuta kumsana. Koma mantha oti akapeza bedi la Rachel atayalula kale anaposa manyaziwo.

"Bambo a Tiyese," anaitana, potchula dzina la mdzukulu wawo. "Bwerani."

"Amayi, kodi..."

"Mwambo ndidzaupeza pobwera. Mwana wanga sindikudziwa ngati ndikamupeza. Ndinyamuleni."

Ephraim anagwada kaye, n'kuwanyamula mosamala. Panalibe kothawitsira maso. Kwa nthawi yoyamba a Nangozo anaona nkhope ya mkamwini wawo pafupi. Kani mwanayu ali ndi imvi kale! Masaya anali atalowa, maso ali psuu, misozi ikutsikira m'ndevu zosameta. Masiku onsewa iwo ankayesa akulira okha.

Atawakhazika pabenchi, Ephraim anafuna kubwerera msanga, koma a Nangozo anamugwira dzanja. Anamupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Mwadya lero?"

Iye anapukusa mutu.

"Muli mbatata yootcha m'chikwamamo," anatero. "Tikadyera limodzi m'ndege."