Kompyuta Yachitatu

Mayiyu anthu ankangomutchula kuti Wazithunzi, chifukwa ntchito yake inali yojambula maukwati ndi kukonza zithunzizo pa kompyuta kunyumba. Nyumbayo inali ya lendi, ndipo anali atakhalamo miyezi inayi, yekha. Inali ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi khitchini, siling'i yake yoyera mbee, penti akadanunkhira. Intaneti anaipeza italumikizidwa kale.

Vuto linali magetsi. Tsiku lina anathima iye ali mkati mwa ntchito, ndipo atayaka, theka la zithunzi za ukwati wa mwana wa abusa linakana kutseguka. Analira ngati wafedwa. Mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, amene ankakonza makompyuta, anamubweretsera bokosi lakuda lolemera, la batire mkati.

"Alamu, ichi si jenereta, musamaonerepo mafilimu," anatero bamboyo atagwada pansi pa tebulo. "Chikayamba kulira, muli ndi mphindi khumi. Sungani ntchito yanu, tsekani zonse. Mukachedwa, pulogalamu ndaikayi iziuza makompyuta a m'nyumba muno kuti azime okha, mwaulemu."

"Aulemu kuposa amene wawakonza," anayankha Wazithunzi.

Mlamuyo anaseka. Analumikiza kubokosiko kompyuta yaikulu, ina yaing'ono yosungiramo zithunzi, kabokosi ka intaneti, ndi waya wina wotuwa amene ankatuluka m'khoma pafupi ndi kabokosiko. Wayayo sanamuganizire kawiri. Ankayesa ndi wa intaneti yomweyo.

Kawiri konse magetsi atathima, Wazithunzi anathamanga n'kuzimitsa zonse yekha nthawi isanathe. Koma Lachinayi lina masana anathima iye ali kuseri, akuanula zovala chifukwa mitambo inali itada. Polowa anamva bokosi likulira, tswii, tswii. Anaponya zovala pampando. Pulogalamu ija inali itayamba kale ntchito, ndipo pagalasi la kompyuta panali mndandanda wa makompyuta a m'nyumbamo. Anali atatu.

Anawerenganso ndi chala. Yoyamba inali yake yaikulu. Yachiwiri, yosungiramo zithunzi, inali itazima kale. Yachitatu inalibe dzina, inali ndi manambala okha. Anaimbira mlamu wake.

"Alamu, munandiikira makompyuta angati?"

"Awiri. Mukufuna achitatu, mwalemera liti?"

"Pano pali atatu."

"Mwina ndi foni yanu."

"Foni ndi iyi ndikuyankhulirapo, intaneti yake ndinatseka m'mawa."

Mlamuyo anasiya nthabwala. "Pafupi ndi yachitatuyo palembedwa chiyani?"

Mayiyo anayandikitsa nkhope. Mawuwo anali a Chingerezi, ndipo anawawerenga pang'onopang'ono. Ankanena kuti kompyutayo yakana kuzima chifukwa pali munthu amene akuigwiritsa ntchito.

"Munthu wake uti?" anafunsa. "M'nyumba muno ndili ndekha."

Kunja kunali zii. Furiji inali itasiya kung'ung'udza, mawailesi a anthu oyandikana nawo anali atakhala chete, mvula inali isanayambe. Pakati pa kulira kwa bokosi lija, Wazithunzi anamva kaphokoso kena kamene sanakamvepo chilowereni m'nyumbamo. Kanali ngati ka udzudzu, kosalekeza, ndipo kankachokera kumwamba.

"Alamu, musiling'i muli chinthu chikulira."

"Waya wotuwa uja," anatero mlamuyo chapansipansi. "Ndinamulumikiza ndine. Tamverani, musakoke kanthu. Muli ndi tochi?"

Pakanjira kopita kuzipinda, siling'i inali ndi kachitseko kotsegukira kumwamba. Wazithunzi anakokera tebulo la kukhitchini pamenepo, anaikapo mpando, nakwera. Atakankha kachitsekoko, fumbi lotentha linamugwera m'maso. Analowetsa mutu ndi dzanja logwira foni, nayatsa tochi yake.

Pamtanda wa denga, pafupi moti akanatha kukakhudza, panali kabokosi kotuwa, kakulidwe kake ngati buku la nyimbo. Kanali ndi kanyali kobiriwira kakuphethira. Tiwaya titatu topyapyala tinatuluka m'kabokosiko n'kuyenda pamwamba pa siling'i. Kena kanapita pamwamba pa pabalaza, kena kubafa, kena pamwamba penipeni pa bedi lake. Kumapeto kwa kawaya kalikonse kunali kanthu kakuda konga batani la malaya, koyang'ana pansi. Zoterozo ankazidziwa bwino, poti ndi imene inali ntchito yake. Anali makamera.

Anafotokozera mlamu wake monong'ona, ngati kuti kabokosiko kakumva.

"Ndichizule?"

"Ayi! Mukazula waya, zimene zili mkatimo zingawonongeke, apolisi adzasowa chowerenga. Pezani kabatani kake koyatsira. Dinani kamodzi, musakanikize nthawi yaitali. Kazima kokha bwinobwino."

Pansi, bokosi la batire linayamba kulira mothamanga, tswii tswii tswii. Nthawi inali kutha. Wazithunzi anapapasa kabokosiko. Pamwamba pake panalibe fumbi ngakhale pang'ono, chonsecho mitanda yonse inali yokutidwa nalo. Anapeza kabatani, anadina. Kanyali kanaphethira kangapo, kanasanduka kofiira, kenako kanathima. Kaphokoso kaja kanaleka.

Anatsika, anazimitsa kompyuta yake yaikulu, nakhala pansi kutsamira khoma. Mlamu wake anati akunyamuka pompo, koma anali kutali, ulendo wa ola lathunthu.

Sipanathe mphindi zisanu, pachitseko panamveka kugogoda.

"Odi, mayi. Ndine, eni nyumba."

Anali bambo wachikulire, wofatsa, wovala jekete nthawi zonse, amene ankakhala mumsewu wachiwiri kuchokera pamenepo. M'miyezi inayi yonseyo anali asanabwerepo osaitanidwa.

"Ndimangodutsa," anatero bamboyo kuseri kwa chitseko. "Ndaona magetsi athima, ndiye ndimati ndione ngati zonse zili bwino. Mawaya a m'nyumba muno ngakale. Si bwino kumawagwiragwira."

Wazithunzi anayang'ana tebulo ndi mpando zili pakanjira, ndi kachitseko ka siling'i kali yasa. Chogwirira cha chitseko chinatsika pang'onopang'ono, chinaima, n'kubwerera. Chitsekocho chinali chokhoma.

"Ndikusamba, abambo!" anakuwa.

"Ayi, sambani, mayi. Ndidzabwera tsiku lina."

Anamva nsapato zikuchoka pakhonde. Anadikira mpaka zitasiya kumveka, kenako anatenga chikwama cha makamera ake, anatulukira khomo la kuseri, anakhoma, nathamanga mvula ikuyamba kugwa mpaka pasitolo ya pamphambano. Mlamu wake anakamupeza pamenepo, atanyowa.

Anapita kupolisi limodzi. Kulemba nkhaniyo kunatenga nthawi, ndipo pamene ankafika kunyumba kuja ndi wapolisi mmodzi, mvula inali itakata. Zitseko zonse ziwiri zinali zokhoma monga anazisiyira. Koma tebulo linali litabwerera kukhitchini, mpando uli pamalo pake, kachitseko ka siling'i katatsekedwa. Wapolisi anakwera ndi tochi. Anapeza waya wotuwa wodulidwa, timabowo titatu m'siling'i, ndi malo oyera pamtanda pamene panali kabokosi.

Eni nyumba ataitanidwa anagwira pakamwa. Anati zimenezo mwina anasiya ndi munthu amene ankakhalamo kale, ndipo analonjeza kusintha maloko onse. Wapolisi analemba zimenezonso.

Wazithunzi sanagonemonso m'nyumbamo. Anakakhala kwa mkulu wake, ndipo Loweruka anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu. Eni nyumba analipo. Anavula jekete, anathandiza kunyamula bedi, ndipo anamufunira zabwino zonse kumene akupita.