Mabenchi onse a mumsika anali anga

Maloto a lero andisowetsa mtendere. Dzulo ndinkaonerera ana anga akuchita masewera aja ogulana malo pakatoni, oti woluza amatuluka.

Ndinalota msika wathu utajambulidwa mizere ngati katoni ija. M'manja mwanga munali dayisi wa masewerawo, wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndikaponya, benchi imene ndaimapo imasanduka yanga: ya usipa, ya makala, ya kaunjika. Mwini wake amangomanga chitenje n'kutuluka pageti osatsanzika, mapazi osamveka.

Otsiriza anali a Nambewe, amene timagulitsa tomato moyandikana. Anati, "Mwawina, amake Chifundo," n'kundisiyira mpando wawo ukadali wofunda.

Ogula anandanda mpaka kumsewu, osanenerera, osapempha basela. Ndikatchula mtengo ankangogwedeza mutu. Tomato anayamba kuphulika yekha, fungo lowawasa, ntchentche zikulira m'makutu. Kenaka wina anadzandiuza kuti mwana wanga Chifundo wakomoka kusukulu. Ndinatembenuka monga timachitira masiku onse: "Anzanga, mundionereko benchi!" Mawu anga anangobwerera kuchokera m'malata. Ndinati ndithamange, koma mabenchi ananditsekera njira, onsewo anga.

Ndadzukira pamenepo. Kaya ndi masewera a ana aja, kaya n'chiyani, sindikudziwa. Koma a Nambewe akhala akudwaladwala, ndipo sabata yatha ndinawauza kuti andigulitse malo awo a mumsika, ndikuze bizinesi. Anati andiyankha lero. Ndasamba kale, dengu lili pakhomo, koma ndangokhala pansi, sindinanyamukebe.