Penti pa Khoma la Amayi

Filimu imene inapititsa msuweni wanga kunja ndinajambula ndine. Ntchito yanga ndi yojambula maukwati ndi maliro, ndipo kamera yomweyo ndi imene ndinajambulira amayi akusoka m'kachipinda kawo: makina akulira, denga likudonthera m'beseni, khoma lili ming'alu yokhayokha. Iye anangondigwirira nyale. Kenako anati, "Msuweni, tandibwereka ndikaonetse anzanga." Anzakewo inali sukulu ya mafilimu ya kunja. Inamutenga n'kumulipirira zonse. Nditaionera filimuyo pafoni, dzina langa munalibe, ngakhale kumapeto kuja kumene amathokoza ndi madalaivala omwe.

Anabwerako atakulunga mpango m'khosi dzuwa likuswa mtengo, ndipo msewu wonse unamutcha Dayilekita. Anafika ndi galimoto yodzaza zipangizo, anthu ozigwiritsa ntchito, ndi mayi wina wa bungwe lakunja limene linapereka ndalama. Msuweni wangayo ankafuna filimu yaitali ya amayi omwewo, m'chipinda chomwecho.

"Azakhali, kunjatu anthu analira atakuonani," anatero.

"Ankalira chiyani? Ndafa?" anafunsa amayi.

"Khomali, azakhali. Besenili. Kumene kuja zotere zimawagwira mtima."

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe, msuweni, zamaukwati zako zija si filimu. Koma uzitiwiritsira tiyi, utolapo kanthu."

Ndinatolapodi. Ndinaona akuwavula amayi magalasi ati akuoneka ngati ophunzira. Ndinaona akuwaveka bulauzi yong'ambika kukhwapa, munthu wosoka, makasitomala awo akusuzumira pawindo. Amayi sanadandaule. Ankangoti mwana wa achimwene awo asachite manyazi pamaso pa alendo.

M'mawa wina ndinasuntha beseni lija kuti ndisese. Dayilekita anakuwa ngati ndaponda mwana.

"Bwezera pomwepo! Filimu sitijambula mondondoza ngati ukwati, iwe. Lero tijambula mapeto, mawa chiyambi, zapakati sabata yamawa. Zonse zizioneka chimodzimodzi. Chikasintha chinthu chimodzi, zimene tajambulazi zalowa m'madzi, ndipo bungwe silipereka kawiri."

"Ngakhale beseni?"

"Ngakhale kangaude uyo!"

"Pepani, a Dayilekita," ndinatero, n'kubwezera bwinobwino.

Ndinadikira. Ndinkawiritsa tiyi, n'kumafunsa wogwira kamera kuti afika pati. Tsiku limene anati adutsa theka la filimuyo, ndipo gulu lonse lipita kukapuma kuhotela mpaka Lolemba, ndinatsuka makapu awo ndikuimba nyimbo.

Wojambula maukwati sasowa anthu. Mmisiri wa denga ndinamujambulira ukwati wa mwana wake, wopenta ndinamujambulira maliro a bambo ake. Anabwera onse. Malata obooka anatsika, atsopano anakwera. Ming'alu inamatidwa simenti, khoma linamwa penti wobiriwira wowala mpaka kuwawa m'maso. Kangaude ndinamupha ndekha ndi silipasi. Kenako ndinatenga amayi kupita nawo kusaluni.

"Mwanawe, sakakwiya?" anafunsa, lumo lili m'mutu.

"Amayi, mutuwu ndi wanu kapena wa bungwe?"

Amayi anauza wometayo kuti, "Dula ndithu. Imvi zotsalazo uzidetse."

Lolemba Dayilekita anaima pakhomo, fungo la penti likumulandira. Amayi anali pamakina, magalasi ali m'maso, tsitsi lalifupi lakuda bii, atavala diresi yosoka okha.

"Mwatani?" Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Takonza," ndinatero. "Paja munati anthu analira. Sitikufuna alirenso."

Anagwira khoma, chala chinabwera chobiriwira. "Tipala pentiyu. Malatawa tiboola. Azakhali, ndi zamasiku ochepa chabe."

Amayi anaimitsa makina n'kunyamula sizasi. "Uboole denga langa, iwe? Mvula yonse ija ndinagona chokhala, unabwera ndi lata ngakhale limodzi? Kwera tione."

Mayi wa bungwe anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Ndinamusiya msuweni wanga afotokoze yekha, m'chizungu chake chakusukulu, kuti akufuna kuboola denga la azakhali ake. Anayamba, n'kusiya, n'kuyambanso. Mayiyo anayang'ana tsitsi la amayi nthawi yaitali. Khoma likhoza kupalidwa, koma imvi sizikanamera ndege yawo isananyamuke. Anatuluka panja kukaimba foni, ndipo asanamalize n'komwe, wogwira kamera anali atayamba kale kukulunga mawaya.

Galimoto itachoka, Dayilekita anatsala pakhonde, mpango uli pansi. Pambali pake panali beseni lija, ndinali nditadzalamo maluwa.

"Wandipha, msuweni," anatero osadzutsa mutu. "Ukudziwa kuti sadzandipatsanso?"

Ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kamera yanga yamaliro. Ndinamuyandikira mpaka nkhope yake inadzaza galasi lonse, thukuta ndi milomo yonjenjemera.

"Tayang'ana kuno. Nkhope yotereyi kumene kuja iwagwira mtima," ndinatero. "Usade nkhawa, dzina lako ndiliika."