Kugogoda Kuseri kwa Khoma

Kugogodako kunkayamba masana, anthu a mumdadada atapita kuntchito. Mayi Telala akangoimitsa makina osokera kuti alowetse ulusi, khoma linkayamba: go! go! go! Akaponda makina, zii. Akaimitsanso, go! go!

Aliyense ankadziwa kuti m'chipinda cha kuseri kwa khomalo simukhala munthu. Makatani ake sankatsegulidwa, ndipo pachitseko pankalendewera loko wamkulu wadzimbiri.

"Achemwali, samukani," anatero Wamakala, yemwe ankagulitsa pageti. "M'menemo munafera munthu. Akufuna mnzake ameneyo."

Anthu a mumdadadawu anali akatswiri okhoma zitseko. Ankadziwana nsapato zosiyidwa pakhomo, koma nkhope ayi, ndipo moni ankaumira ngati ngogula. Choncho Mayi Telala anachita zomwe onse ankachita: kuwaza mchere pakhomo la chipindacho n'kumadutsapo chothamanga, thupi lonse lili tsemwe. Mantha atamukwana, anayamba kulongedza nsalu m'matumba, ngakhale kusamuka kunali kutaya makasitomala ake onse.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zaumoyo kudzatenga yunifolomu yake. Ali mkati moyesa, khoma linayamba.

"Kodi munayankhapo, mayi?" anafunsa mlangizi.

"Kuyankha mzukwa? Ine ndidakafuna moyo!"

Mlangizi anagogoda khomalo ndi chala. Kunati zii. Kenako kunamveka mawu ofooka, ngati ochokera m'chitsime.

"Madzi."

Wamakala anathyola loko ndi hamala. Mkati munali mdima ndi fungo la chinyezi. Pansi panagona agogo aamuna, mbali imodzi ya thupi itafa, ndodo ili m'dzanja, kapu itagubuduzika patali. Mayi Telala anayang'ana mchere wake uli mbuu pakhomo, manyazi n'kumugwira mpaka misozi.

Mwana wa agogowo anali dalaivala wa basi. Ankachoka anthu asanadzuke, n'kubwera atagona. Atamuitana pafoni, panambala yomwe agogowo anatchula, anafika ali wefuwefu.

"Ndimawatsekera poopa akuba," anatero. "Bambo angawa ndikanasiyira ndani? Muno sindidziwa munthu."

"Matenda a nyumba ino ndi amenewo," anatero mlangizi. "Tamverani. Kukhonsolo kuli kathumba kothandiza magulu ang'onoang'ono a anthu oyandikana. Si ndalama zambiri, komanso si ngongole. Koma sapatsa munthu mmodzi. Amafuna gulu, ndi ntchito yoti ikulumikizeni."

"Ife osaphunzirafe angatimvere?" anafunsa Mayi Telala.

"Safuna mawu akuluakulu. Nenani vuto lanu ndi chomwe mukufuna kuchita. Mukamaliza, mudzawaonetse mmene thandizolo lagwirira ntchito."

Loweruka anakumana pabwalo, koyamba chilowereni m'nyumbazo. Wina anati pagulidwe wailesi, wina anati geti lachitsulo, mpaka kutsala pang'ono kukangana.

"Kapena tigule thumba la mchere," anatero Wamakala.

Onse anaphulika kuseka, ndipo nkhani inayenda. Anagwirizana kupempha njinga ya olumala, mabenchi, mababu a m'khonde, ndi simenti yosalazira masitepe. Mayi Telala ndi dalaivala anakapereka pempholo, ndipo patapita milungu ingapo thandizo linafika. Ntchito anagwira okha. Agogo anayamba kuothera dzuwa pabenchi, akuseka Wamakala kuti amayeza makala ngati mankhwala.

Anapangananso chinthu china chosalira ndalama: m'mawa uliwonse aliyense azigogoda khoma la mnzake, ndipo asachoke asanayankhidwe. Kiyi wa agogo ankakhala kwa Mayi Telala, yemwe anali atamasula matumba ake aja.

M'mawa wina kunja kuli nkhungu, Mayi Telala anagogoda. Zii. Anagogodanso, khutu lili pakhoma. Munalibe ngakhale chifuwa. Tsemwe lija linabweranso, loposa kale. Miyezi yonse ija ankaopa kugogoda, koma lero chomuopsa chinali bata.

Ulendo uno anathamangira kuchitseko chomwe ankachithawa.

"Thandizani! Agogo sakuyankha!"

Zitseko zonse zinatseguka. Anawapeza ali kwala pansi, akupumira m'mwamba. Anawakweza panjinga, n'kutsetsereka nawo pa simenti yawo ija mpaka kumsewu. Kuchipatala namwino anati akanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina.

Agogo atabwerako, mlangizi anawapeza onse atakhala pamabenchi.

"Mwaona?" anatero. "Thandizo laling'ono limagula benchi ndi babu, koma chopulumutsa munthu ndi kudziwana. Musadikire tsoka. Kumanani ndi anansi anu, gwirizanani chochita, ndipo pitani mukafunse za thandizoli monga gulu."

Mawa lake Mayi Telala asanatambasule n'komwe dzanja, khoma linayamba lokha: go! go! go! Anamwetulira, nayankha.